Mwana wanga ali ndi miyezi 14 koma sakuyenda: kodi miyendo ili ndi vuto?

Funso: Adokotala, mwana wanga wamwamuna wakwanitsa miyezi 14 koma sanayambe kuyenda. Kukwawa sanakwaweko, amangodzikhwekhwereza ndi matako. Akagwira mpando amaimirira n'kumayenda chogwirira. Mwana wa mchemwali wanga anayenda ali ndi miyezi 10, ndiye aliyense akungondifunsa kuti wangayu watani. Anabadwa kutatsala milungu 6 kuti masiku akwane. Amatchula "mama" ndi "baba", ndipo akafuna chinthu amaloza. Ku sikelo, maulendo anayi apitawa alemba makilogalamu 9.0, 9.1, 9.0 ndi 9.0, chidwalireni matenda otsegula m'mimba ali ndi miyezi 11, koma anandiuza kuti akadali pabwino. Kodi miyendo yake ili ndi vuto?

Yankho: Amayi, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Ulendo woyamba ndinatsata miyendo monga munafunira. Ulendo wachiwiri maso anga anakaima pa manambala anayi aja, amene mwawaponya kumapeto ngati nkhani yongodutsa. Ndinene mosapsatira: pa zimene mwalemba, miyendo ya mwana wanu sikundisowetsa mtendere. Sikelo ndiyo ikundisowetsa mtendere. Ndiyamba ndi miyendo kuti mtima ukhale m'malo, kenako tikhalitse pa manambalawo.

Choyamba tikonze msinkhu. Pakati pokwana masiku pamatenga milungu 40. Wanu anabadwa pa milungu 34, ndiye kuti milungu 6 imene anzake anakhwimira m'mimba, iye anakhwimira kunja. Ubongo suwerenga tsiku lobadwa, umawerenga kuchokera pamene unayamba kuumbika. N'chifukwa chake kwa mwana wobadwa masiku osakwana timachotsera milungu imene inatsala, mpaka atakwanitsa zaka 2. Kwa inu ndi abale ali ndi miyezi 14, koma ine ndikamuyeza ndimuona ngati wa miyezi 12 ndi theka. Kuchotseraku n'kwa kayezedwe ka kukula ndi maluso kokha. Katemera yekha amatsata tsiku lenileni lobadwa, musamuchedwetse.

Tsono mwana wa miyezi 12 ndi theka amene amadzikoka yekha n'kuimirira, n'kumayenda atagwira mpando, ali penipeni pamene ayenera kukhala. Bungwe la World Health Organization, lomwe ambiri timangoti WHO, linatsatira ana athanzi oposa 800 a ku Ghana, India, Norway, Oman ndi United States, n'kumalemba nthawi imene aliyense wayamba luso latsopano. Zimene linapeza n'zotonthoza. Kukhala pansi osagwiriziridwa, ena anayamba asanakwane miyezi 4, ena atangopitirira miyezi 9. Kuyenda chogwirira, ena pa miyezi 6, ena mpaka kuyandikira miyezi 14. Kuima dede popanda chogwira, kuyambira miyezi 7 mpaka pafupifupi 17. Kuyenda okha, ofulumira anayamba atangopitirira miyezi 8, ochedwa anafika miyezi 17 ndi theka. Onsewa anali ana abwinobwino. Pakati pa woyamba kuyenda ndi womaliza pali miyezi yoposa 9, yokwana kuti mayi atenge pakati n'kubereka. Mwana wa mchemwali wanu ali mkati mwa malire amenewa, wanunso ali momwemo. Ndipo kuyenda msanga sikulosera nzeru za kusukulu. Akadzafika zaka 5, palibe adzathe kuloza kuti uyu ndiye anatsogola.

Za kukwawa musataye nazo tulo. Pa kafukufuku yemweyo, ana pafupifupi 4 mwa 100 alionse sanakwawepo ndi manja ndi mawondo, koma anayenda. Mu 2022, bungwe la zaumoyo la CDC la ku United States litakonzanso mndandanda wake wa maluso a ana, kukwawa linakuchotsamo. Ana odzikhwekhwereza ndi matako ndi gulu lodziwika bwino kwa ife. Kawirikawiri amachedwerapo kuyenda, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva: wokwawa manja ake onse awiri amakhala ali pantchito, maso ali pansi, ndiye amafuna kuimirira kuti aone ndi kunyamula zinthu. Wokhwekhwereza amayenda ali chikhalire, akuona zonse, choseweretsa chili m'manja. Aimirirenji msanga? Nthawi zambiri zimayendanso m'magazi. Tafunsani agogo ake mbali zonse ziwiri, mwina mumva kuti bambo ake omwewo ankatero.

Komabe sindingakuuzeni kuti miyendo ili bwino ndisanaione, ndipo pano ndi pamene kuyeza kwenikweni kumasiyana ndi kuwerenga miyezi. Mwana akalowa m'chipinda changa sindithamangira kumugwira, chifukwa wa msinkhu uwu akangoona mlendo akumuyandikira amalira, ndipo mwana wolira sakuonetsa kanthu. Ndimamusiya pansi pafupi ndi miyendo ya mayi ake, ine n'kumacheza ndi mayiwo ngati mwanayo sindikumuona. Kenako ndimaika makiyi anga pampando, patali pang'ono. Apo ndiye ndimaonera zonse. Kodi popita kukatenga akukankha ndi miyendo yonse iwiri, kapena wina ukungokokedwa? Akamadzikoka kuti aimirire, akuponda ndi phazi lonse kapena ndi zala zokhazokha, miyendo itauma gwa n'kupingasana ngati sizasi? Ndikamunyamula m'khwapa, akulimba kapena akuterereka m'manja mwanga ngati nsalu yonyowa? Makiyi aja akutola ndi dzanja liti, ndipo ndikawasunthira mbali inayo akusintha dzanja? Mwana wosakwana chaka amene amagwiritsa ntchito dzanja limodzi lokha, linalo atalifumbata, si kuti ndi wamanzere kapena wamanja ayi. Msinkhu wosankha dzanja sunafike, ndiye timafuna kudziwa chimene chalefula linalo. Kwa mwana wobadwa masiku osakwana zimenezi timaziyang'ana mwachidwi kwambiri, chifukwa vuto la muubongo louma nalo ziwalo, lija timati cerebral palsy, limapezeka kawirikawiri mwa iwo kusiyana ndi okwana masiku. Inunso mungazione nokha kunyumba lero lomwe.

Malire amene timaika ndi miyezi 18, kwa wanuyu titachotsera milungu 6 ija. Akafika pamenepo asanaponye phazi yekha, kudikira kwatha. Timayeza chiuno kuona ngati fupa la ntchafu lili m'malo mwake, timayeza mphamvu za minofu ndi mitsempha, ndipo kwa ana aamuna timayezanso magazi pofufuza matenda ofooketsa minofu otchedwa Duchenne, amene amagwira anyamata makamaka. Ambiri amapezeka alibe kanthu n'kuyenda patapita milungu yochepa. Ochepa amene ali ndi vuto amapindula kwambiri akayamba mafizo msanga.

Wina akuuzani kuti mugule kampando ka matayala kaja koti mwana azikhalamo n'kumadzikankha. Musatero. Sikaphunzitsa kuyenda, kamazoloweza mwana kuponda ndi zala, ndipo kagwetsa ana ambiri pa masitepe ndi kuwafikitsa pa zinthu zotentha, mpaka dziko la Canada linaletsa kukagulitsa mu 2004. Chimene mwana wanu akufuna ndi malo apansi, mapazi opanda nsapato, ndi chinthu chomukopa chimene chili patali pang'ono ndi pamene wagwira.

M'funso lanu muli mawu amene anandisangalatsa kuposa ena onse: "akafuna chinthu amaloza". Makolo amawerengera kuponya phazi, ife timawerengera kachala kameneko. Kukula kwa mwana timakuona mbali zinayi: kuyenda ndi mphamvu za thupi, luso la manja ndi maso, kumva ndi kulankhula, ndiponso kukhala ndi anthu. Mwana woloza wakuonetsani zitatu nthawi imodzi. Waona chinthu, walekanitsa chala chimodzi ndi zinzake, ndipo wadziwa kuti inu muli ndi maganizo anu amene angawakokere kumene iye akufuna. Pofika miyezi 18 muyembekezere kuloza kwa mtundu wina, kosapempha kanthu: aona galu kapena ndege, aloza, n'kucheukira nkhope yanu kuti aone ngati nanunso mwaona. Kucheuka kumeneko n'kwamtengo wapatali. Mwana amene saloza, sacheuka akaitanidwa dzina, sayang'ana anthu m'maso, sabweretsa zinthu kuti akuonetseni, ameneyo ndimafuna kumuona msanga ngakhale atakhala kuti amathamanga ngati mphepo. Bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics limalangiza kuti mwana aliyense ayezedwe maluso ake ndi mafunso okonzedwa bwino pa miyezi 9, 18 ndi 30, ndi kufufuzidwa za autism, vuto la kakulidwe ka ubongo lokhudza kulankhulana ndi kukhala ndi anthu, pa miyezi 18 ndi 24. Chifukwa chake n'chakuti diso la dokotala lokha, m'mphindi zochepa, limaphonya ana ambiri.

Pa kulankhula, wanu ali bwino. Mwana amayamba kumwetulira pobwezera munthu cha m'miyezi 2, amaseka mokweza cha m'miyezi 4 mpaka 6, amabwebweta "bababa" ndi "mamama" pofika miyezi 9. Pa chaka amatha kubayibitsa ndi kuitana mayi kapena bambo. Pa miyezi 18 timafuna mawu atatu kapena kuposa, kupatula "mama" ndi "baba", ndipo pa zaka 2 alumikize mawu awiri, monga "mama bwera". Mawu osamveka bwino amawerengedwa, bola ngati amawagwiritsa ntchito pa chinthu chomwecho nthawi zonse. Pakhomo polankhulidwa zilankhulo ziwiri timaphatikiza mawu a zonse ziwiri, ndipo zilankhulo ziwiri sizichedwetsa mwana kulankhula. Zoti "anyamata amachedwa" zawonongetsa nthawi ya ana ambiri. Kusiyana kwa anyamata ndi atsikana n'kochepa kwambiri, sikungafotokoze mwana wa zaka 2 wopanda liwu n'limodzi lomwe.

Mwana aliyense wochedwa kulankhula ayezedwe makutu, ngakhale makolo atalumbira kuti amamva. Ndimakumbukira kamtsikana kena ka zaka 2 kamene aliyense ankakayamikira kuti n'kofatsa, sikavuta. Mayi ake anati kamamva ndithu, chifukwa chitseko chikamenyetseka kamacheuka. Ndinawapempha kuti akasewere nako kutsogolo, ine ndinazemba n'kuima kumbuyo, poti chithunzithunzi changa chisaoneke, n'kuitana dzina lake. Zii. Ndinaitananso mokweza. Zii. Chitseko chija kankachimva ndi thupi, chifukwa pansi pankanjenjemera, ndipo zina zonse kankawerenga pankhope za anthu. Ana osamva amakhala ndi maso akuthwa moti amapusitsa ndi madokotala omwe. Mwana wobadwa masiku osakwana, amene anadwala chikasu chachikulu ali wakhanda, amene anadwala matenda oumitsa khosi, kapena amene amatuluka mafinya m'khutu pafupipafupi, makutu ake ayezedwe ndi makina. Ngati wanu sanayezedwepo, kafunseni.

Pali chizindikiro chimodzi chimene sichidikira mwezi uliwonse: kutaya luso. Mwana amene ankatchula mawu n'kusiya, ankakhala yekha n'kuyamba kugwa, ankasekerera anthu n'kuyamba kungoyang'ana kumbali, apite kuchipatala sabata yomweyo. Kuchedwa kufika n'kwina, kubwerera m'mbuyo n'kwina.

Tsopano tibwere ku sikelo.

Khadi limene mumanyamula lija lili ndi mbiri yake. Dokotala wina wa ku Britain, David Morley, akugwira ntchito ku Nigeria chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1960, anaona kuti ana ambiri ankafika kuchipatala atanyentchera kale, pamene vutolo linayamba miyezi yambiri m'mbuyo popanda woliona. Anakonza khadi losungidwa ndi mayi, loti mwezi ndi mwezi azidonthezapo kulemera kwa mwana. Nzeru yake yonse inali pa kulumikiza madonthowo. Dontho limodzi limangokuuzani pamene mwana ali lero. Mzere umakuuzani kumene akulowera. Mizere yosindikizidwa imene ili m'makadi ambiri masiku ano inachokera ku miyezo ya WHO ya mu 2006, imene inapangidwa poyeza ana oposa 8,000 a ku Brazil, Ghana, India, Norway, Oman ndi United States pakati pa 1997 ndi 2003. Anasankha ana oyamwa, a amayi osasuta, okulira m'malo osasowa chakudya ndi chithandizo. Anapeza kuti ana aang'ono a mitundu yosiyanasiyana chonchi, akasamalidwa mofanana, amakula mofanana kwambiri. Choncho mawu oti "kwathu ndife ang'onoang'ono" ali ndi malire ake. Angafotokoze mwana wamng'ono thupi amene mzere wake ukukwera. Sangafotokoze mzere woima.

Taonani manambala anu. Pa miyezo imeneyi, mnyamata wa miyezi 12 wapakatikati amalemera makilogalamu 9.6, ndipo mzere wa -2, umene pansi pake timati mwana ndi wopepuka, uli pa 7.7. Wanu ali pa 9.0. Amene anakuuzani kuti akadali pabwino sananame, dontho lake lili pakati pa mizere yabwino. Koma anayang'ana dontho, sanayang'ane mzere. Pa msinkhu uwu mwana amawonjezera magalamu 200 kapena kuposerapo pang'ono mwezi uliwonse. Pa miyezi 3 imeneyi akanayenera kuwonjezera theka la kilogalamu kapena kuposa. Iye sanawonjezere kanthu. Pamene anadwala anali pafupi ndi mzere wapakati, lero watsetserekera kumunsi, ndipo akapitiriza chonchi mizere idzamudutsa umodzi umodzi iye ali pa 9.0 pomwepo. Mwana si munthu wamkulu woti akasunga kulemera kwake timuyamikire. Kwa mwana, kuima ndi kutsika.

N'zoona kuti ana amachepetsa liwiro. Wakhanda amatsika kaye m'masiku oyamba, mwina mpaka gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake, n'kubwezeretsa pofika milungu 2. Pofika miyezi 5 kapena 6 amakhala atawirikiza kawiri, pa chaka katatu, ndiye m'chaka chonse chachiwiri amangowonjezera makilogalamu 2 kapena 3. Amayi ambiri amadabwa mwana akayamba kukana chakudya ndi kuonda masaya atakwana chaka, pamene n'chilengedwe. Palinso ana obadwa aakulu kwa makolo aang'ono, amene amatsika pang'onopang'ono m'zaka 2 zoyamba mpaka atapeza njira yawo. Koma onsewa mzere wawo umakwerabe, kungoti mopendekera. Wogona chigonere kwa miyezi 3, kuyambira pa matenda, sindingauike m'gulu limeneli.

Ndisanayambe kufufuza matenda, ndimayamba ndakayikira sikelo yeniyeniyo. Ndinaonapo mwana akulembedwa kuti watsika theka la kilogalamu, mayi misozi ili m'maso, pamene mwezi wathawo anamuyeza atavala juzi, nsapato ndi thewera lonyowa, ndipo mwezi uno ali maliseche pa sikelo ina. Ndinaonaponso dontho litaikidwa pa mwezi wolakwika. Mwana ayezedwe atavula, pa sikelo imene yabwezeredwa pa 0, makamaka yomweyomweyo ulendo uliwonse, ndipo nambala iwerengedwe atasiya kuphiriphitha. Koma kwa inu kulakwitsa kotere n'kokayikitsa. Manambala anayi pafupifupi ofanana motsatizana sabwera mwangozi.

Kulemera pakokha sikunena zonse, ndiye mukapitanso mukapemphe miyezo ina itatu. Woyamba ndi kutalika. Mwana wosakwana zaka 2 amayezedwa chogona pa thabwa loyezera, anthu awiri akuthandizana, wina atagwira mutu, wina atawongola mawondo. Tepi yongoyendetsa pathupi la mwana wopalapata siyeza kanthu. Ana ambiri amabadwa ndi masentimita pafupifupi 50 n'kufika cha m'ma 75 pa chaka. Kutalika n'kofunika chifukwa thupi likamasowa chakudya limayamba lataya kulemera, kutalika kumatsalira pambuyo pake, ndipo mutu ndiwo limauteteza mpaka kumapeto. Mwana wopepuka poyerekeza ndi kutalika kwake, vuto lake ndi latsopano, ndiko kuonda kapena kunyentchera. Wamfupi poyerekeza ndi msinkhu wake, vuto lake ndi lakale, ndiko kupinimbira. Kupinimbira n'konyenga, chifukwa mwana amaoneka wonenepa bwino, kungoti amaoneka ngati wamng'ono kuposa zaka zake, ndipo kukakhazikika kupitirira zaka 2 kumavuta kubweza. Ndiwo masiku 1,000 oyamba amene mumamva azaumoyo akutchula, kuyambira pamene mayi watenga pakati mpaka mwana atakwanitsa zaka 2. Wanu akadali mkati mwake.

Wachiwiri ndi mkono, ndi kalamba ka mitundu itatu kaja kotchedwa MUAC, kamene timazunguliza pakati pa phewa ndi chigongono kwa ana a miyezi 6 mpaka 59. Kuyambira masentimita 12.5 kupita m'mwamba n'kobiriwira. Pakati pa 11.5 ndi 12.5 n'kwachikasu, mwana wayamba kunyentchera. Pansi pa 11.5 n'kofiira, afunika chithandizo tsiku lomwelo. Pamodzi ndi mkono timadina pamwamba pa mapazi onse awiri ndi zala zazikulu kwa masekondi 3. Pakatsala zibowo mbali zonse, mwana watupikana, ndipo ameneyo ali pangozi ngakhale sikelo itakwera, chifukwa chimene chakwera ndi madzi.

Wachitatu ndi mutu, umene umaiwalika kawirikawiri. Umakhala masentimita 34 kapena 35 pobadwa n'kufika pafupifupi 46 pa chaka. Palibe nthawi ina m'moyo imene ubongo udzakulenso mwaliwiro chotere. Mutu wokula mothamanga kudumpha mizere, liwombo litatukumuka mwana ali phee, ungatanthauze madzi ochuluka m'mutu. Wotsalira ungatanthauze kuti ubongo sukukula bwino. Liwombo lakutsogolo limatsekeka mwa ana ambiri pofika miyezi 18, ena mpaka zaka 2, ndiye ngati la wanu likadali lotseguka, si vuto.

Nanga n'chiyani chingaimitse mwana pa 9.0? Ndimaganiza njira zitatu: chakudya sichikulowa chokwanira, chikulowa koma chikutayika, kapena thupi likuchiwotcha mopitirira chifukwa cha matenda obisika. Mwa ana ambiri yankho limakhala loyambalo, ndipo si chifukwa choti mayi ndi wosasamala. Zimayenda chonchi. Mwana watsegula m'mimba, chilakolako chathawa, matumbo akhala ndi mabala aang'ono amene amatenga milungu kuti apole. Mayi poopa kumupweteka amasungunula chakudya kuti chikhale chamadzimadzi. Matenda atha, koma chakudya chamadzi chija chakhalirira, mwana wazolowera kungoyamwa ndi kumwa. Kamimba ka mwana wa makilogalamu 9 kamadzaza ndi kapu imodzi yokha. Mukakadzaza ndi madzi, mwana wakhuta koma sanadye. Chakudya chake chikhale cholimba moti mukapendeketsa supuni chisayenderere. Wa msinkhu uwu adye katatu kapena kanayi pa tsiku, kuwonjezerapo tizakudya tating'ono topatsa thanzi kamodzi kapena kawiri pakati, zakudya zamagulu osiyanasiyana, ndipo apitirize kuyamwa mpaka zaka 2 kapena kupitirira. Akachira matenda alionse, muwonjezere chakudya kamodzi pa tsiku kwa milungu 2 kuti abweze zimene anataya. Akhale ndi mbale yakeyake kuti muone zimene zalowadi, ndipo wina akhale naye pansi, kumulimbikitsa osati kumukakamiza. Zakumwa zotsekemera zimapha njala popanda kumanga thupi.

Koma musangokonza chakudya n'kukhala. Dokotala afunse ngati chimbudzi chinabwereradi mwakale, chifukwa kutsegula m'mimba kofika masiku 14 ndi matenda ena pawokha. Ayang'ane zikhatho ndi m'zikope, ndipo ngati n'kotheka ayeze magazi. Ana obadwa masiku osakwana amabadwa ndi nkhokwe yochepa ya ayironi, chifukwa yambiri mwana amailandira kwa mayi m'miyezi yomaliza ya pakati, ndiye kuchepa magazi kumawapeza msanga. Mwana wochepa magazi amakhala wofooka, wokwiyakwiya, wosafuna kudya ndiponso wosafuna kuyesa zatsopano. Afunsenso za chifuwa chosatha, kutentha thupi kobwerezabwereza, munthu wa chifuwa chachikulu pakhomo, njoka za m'mimba, zilonda m'kamwa, matenda a m'njira ya mkodzo amene mwa ana aang'ono amabisala, ndi HIV ngati mayi ndi mwana sanayezedwe posachedwa. Mwana amene amatuluka thukuta ndi kupuma mwabefu akamayamwa timamumvetsera mtima. Ndimafunsanso mayi za iwo eni, ngati akugona, akudya, ngati mtima wawo uli bwino, chifukwa mayi wolemedwa maganizo amavutika kudyetsa ndi kusewera ndi mwana, ndipo zimenezo zili ndi chithandizo chake. Mano okha musawanamizire. Kumera mano kungachepetse kudya masiku awiri kapena atatu, osati miyezi 3.

Apa ndi pamene nkhani ziwiri zija zikumana. Kuphunzira kuyenda ndi ntchito yolemetsa: kuimirira, kugwa, kudzukanso, kambirimbiri pa tsiku. Thupi limene likusunga mphamvu limayamba ladula masewera. Ndaona ana ambiri amene anangokhala pa kuyenda chogwirira kwa miyezi, ndipo sikelo itangoyamba kukwera, miyendo inamasuka yokha. Sindikulonjeza kuti wanu adzatero, koma ngati pali chinthu chimene mungachite lero chothandiza miyendo yake, chili m'mbale mwake.

Musadikire tsiku la sikelo la mwezi wamawa. Pitani sabata ino, khadi lili m'manja, ndipo mukanene mawu awa momveka: "Mwana wanga sanakwere sikelo kwa miyezi 3 chidwalireni, ndipo anabadwa pa milungu 34." Musanapite, lembani kwa masiku 3 chilichonse chimene wadya ndi kumwa, nthawi yake ndi kuchuluka kwake, osakometsera. Ngati muli ndi foni yojambula, mujambuleni kanthawi kochepa akudzikhwekhwereza, akuimirira ndi kuyenda chogwirira, miyendo ili poonekera, chifukwa kuchipatala angakane kuchita chilichonse. Mukasintha kadyedwe, akayezedwenso pakatha milungu 2 mpaka 4. Kumuyeza tsiku ndi tsiku kungokuzunguzani mutu, popeza chimbudzi chimodzi chokha chimasuntha nambala. Koma akakana kuyamwa ndi kumwa, akamasanza chilichonse, akakomoka, akafooka moti n'kovuta kumudzutsa, akamapuma movutikira, kapena mapazi akatupa, nyamukani nthawi yomweyo, kaya ndi usiku.